Ndinagwetsa Chimphona Ndili Kunja kwa Chingwe

Tsiku loyamba limene ndinapita kukaonera nkhonya ku Limbe ndinatola magolovesi pansi. Anagwera pafupi ndi mapazi anga, ali fumbi lokhalokha, ndipo ine, munthu wa m'sitolo amene anaphunzitsidwa kuti katundu sagona pansi, ndinawerama, n'kuwatola, n'kuwakuntha bwinobwino pabondo, n'kulowa nawo pansi pa chingwe kukawapereka kwa mwini wake ndi manja awiri. Ndinawonjezanso mawu aulemu: "Mwagwetsa izi, achimwene."

Pabwalo lonse panabuka phokoso ngati sitima yalowa mumsika. Bambo wina amene anali kumbuyo kwanga anafuula kuti, "Inu, kwanu mwatsanzika?"

Sindinkadziwa kuti pabwalo limenelo magolovesi sagwa okha. Linali bwalo la dothi kuseri kwa malaini a anthu ogwira ntchito kunjanji, mitengo inayi yozika pansi ndi chingwe chozungulira, basi. Kunalibe sikelo yoyezera anthu, kunalibenso wolemba mayina. Wofuna kumenyana ankalowa m'chingwemo atavala magolovesi ake, n'kumazungulira monyang'wa, kenaka n'kuponya magolovesi ena chakumene kwaima anthu. Wowatola ndiye wavomera ndewu. Aliyense ankadziwa zimenezi, ngakhale amayi ogulitsa mtedza, kupatula ine.

Ndinakweza maso kuti ndione munthu amene ndamuchitira ulemuyo, ndipo ndinapitirizabe kukweza. Chinali chimphona. Lamba wake anali cha pachifuwa panga. Chinandiyang'ana mmene munthu amayang'anira nyerere imene yagwera mu tiyi wake, chinalandira magolovesi aja, kenaka chinalowetsa manja m'khwapa mwanga n'kundinyamula. Mapazi anga anapalasa m'mwamba. Chinandidutsitsa pamwamba pa chingwe, n'kukandiimika pansi pa mtengo wa mango, n'kundikonzera kolala ya malaya.

"Khalani apa, akulu," chinatero ndi mawu ofatsa. "Pali mthunzi."

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Kuseka kwa gulu munthu umapirira, chifukwa kulibe nkhope. Koma pakati pa chikhakhali chonsecho ndinamva kuseka kumodzi kumene ndinkakudziwa, kochokera kwa mtsikana wina wa pa dengu la zitumbuwa. Kumeneko ndiye kunandilowa m'mafupa.

Inali nthawi ya Chitaganya, dziko lino lisanalandire ufulu. Ine ndinkagwira ntchito m'sitolo ya mmwenye wina mumzinda wa Blantyre, yogulitsa mbale, makapu ndi nyali, ndipo ndinkagona m'kachipinda ku Manja, kumene masiku amenewo kunali kumudzi kuposa kutauni. Sukulu ndinaisiyira panjira, koma kuwerenga sikunandisiye. Mbale zathu zinkabwera kuchokera ku Joni zitakulungidwa m'manyuzipepala akale, ndipo ntchito yozitulutsa m'mabokosi inali yanga. Mapepalawo ndinkawawongola ndi chikhatho, n'kupita nawo kunyumba, n'kuwagoneka pansi pa mphasa kuti awongoke. Chingerezi changa chonse ndinachitola pamenepo, liwu limodzilimodzi, ngati munthu wokunkha m'munda wa eni. Vuto lake linali loti masamba sankabwera mwa dongosolo. Ndinkawerenga kuti anthu awiri akukonzekera kumenyana Loweruka, koma wopambana sindikumudziwa mpaka lero, chifukwa tsamba lotsatira linapita kukakulunga mbale ya sitolo ina. Anzanga pantchito ankakangana za misonkhano ndi za tsogolo la dziko, ine ndikudandaula za ndewu imene inatha kalekale m'dziko la eni.

Masamba a nkhonya ndiwo ndinkawakonda, chifukwa anali ndi zithunzi. Ndinaphunzira kuti manja amakhala m'mwamba, chibwano chimabisala, phazi limodzi limatsogola. Ndinayeserako m'chipinda mwanga kamodzi, ndipo galasi la nyali ndi limene linalipira. Motero ndinakhala katswiri wa masewero amene ndinali ndisanawaonepo ndi maso.

Komabe si nkhonya imene inanditengera ku Limbe tsiku lija. Kumunsi kwa kumene ndinkakhala, chakumtsinje, kunali banja lina la Akatolika limene makolo awo anachokera kuseri kwa phiri la Mulanje, kwa Apwitikizi. Bambo wa m'nyumbamo anali khukhi ku Namiwawa ndipo ankabwera mwa apo ndi apo. Mayi ndi mwana wawo wamkazi ankakazinga zitumbuwa, ndipo Lamulungu akachoka ku Misa ankasenza dengu mpaka ku bwalo la nkhonya. Mtsikanayo ndinali nditamupatsa moni kwa miyezi yambiri. Ndinamupatsanso kapu ya maluwa yobenthuka pang'ono pamlomo, imene bwana anandilola kutenga. Za mumtima ndinali ndisananene. Ndinali ndikukonza mawu. Ine ndikati ndikonze mawu, mvula imagwa n'kukata.

Chimphona chija sichinkakonza mawu. Chinkagwira ntchito yonyamula mabelo kumalo ogulitsira fodya ku Limbe konko, ndipo chinali chitangobwera kumene kuchokera ku Halale kumene chinatchona zaka zingapo. Mbiri inabwera patsogolo pake. Ankati kumeneko chinagwetsa amuna m'malokeshoni onse. Ankati china chake chinachitika ndi ng'ombe ya ngolo imene inakana kuyenda. Pamikono pake panali mphini zambiri, ndipo anthu ankanong'onezana kuti ndi mangolomera, mankhwala amene munthu amatemera kuti chibakera chake chilemere ngati mwala. Mwini wake sankanena zimenezi, komanso sankazikana. Ankangomwetulira.

Lamulungu lililonse ndinkaona zomwezomwezo. Anyamata amisinkhu yathu ankayamba, kutchayana zenizeni mpaka milomo kutupa. Dzuwa likapendeka chimphona chinkalowa. Chinkazungulira, nthaka ikumveka, n'kuponya magolovesi. Anthu ankabwerera m'mbuyo ngati chaponya njoka. Woimba wezulo ankadikira pang'ono, n'kufunsa katatu ngati alipo mwamuna, kenaka n'kuima chonyanyamphira kuti akweze mkono wa wopambana. Chinkapambana sabata ndi sabata osakhudza munthu. Munthu yekhayo amene anatolapo magolovesi ake chibwerereni ku Halale ndinali ine.

Chikatuluka m'chingwe chinkalunjika pa dengu lija. Ine ndinkakhala ndaima kale pamenepo, ndikudya chitumbuwa changa pang'onopang'ono kuti chisathe msanga. Ndinkaona ndi maso anga mtsikana uja akupisa dzanja pansi pa dengu kusankha zazikulu, zofunda. Kwa ine ankangotenga chapamwamba. Pobwerera ku Manja, chimphona chinkanyamula dengu, mpando wa mayi ndi chitini cha madzi, zonse dzanja limodzi, ngakhale kwawo sikunali kumeneko. Ine ndinkatsatira m'mbuyo nditanyamula nsalu yovundikira zitumbuwa.

Nsanje ndi matenda opanda ulemu. Ndinkachitira nsanje mapewa ake, zimenezo n'zomveka. Koma ndinafika pochitira nsanje malaya ake, amene telala wa pakhonde anachita kulumikiza nsalu ya anthu awiri. Ndinachitira nsanje mawu ake, amene ankamveka ngati akutuluka m'mgolo. Ndinachitira nsanje ngakhale chithunzithunzi chake, chifukwa tsiku lina kukutentha ndinaona mtsikana uja akuyenda dala m'menemo kuthawa dzuwa. Changa sichikanakwanira ngakhale nkhuku. Ndinayamba kudya kwambiri kuti mwina ndinenepe, koma zonse zinkangopita kumene zinkapita, ine n'kutsala mmene ndinalili, nthiti zowerengeka ngati mipiringidzo ya pawindo la sitolo.

Posowa pogwira, ndinabwerera ku mapepala anga. Ndipo m'menemo ndinapeza chitonthozo. Olemba a ku Joni sankagomera anthu akuluakulu matupi. Ankati munthu akakula mopitirira amachedwa kutembenuka, mpweya umamuthera msanga, ndipo kawirikawiri amamuika m'chingwe kuti anthu adzaone kukula kwake, osati luso lake. Tsamba lina linali ndi chithunzi cha chimunthu chitagona chagada, kamunthu kakafupi kataima pambali pake. Mawu a pansi pa chithunzicho anali atang'ambika, koma ine sindinawafune. Ndinachimata pakhoma, pamene anthu ena amaika chithunzi cha kutchalitchi.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kuyang'ana chimphona ndi diso lina. Anyamata amene ankamenyanadi anali ndi zizindikiro zake: mphuno zopindika, makutu okhuthala, zipsera pamwamba pa maso. Nkhope ya chimphona inali yosalala ngati ya khanda. Kodi munthu angagwetse malokeshoni onse a ku Halale osalandirako ngakhale chimodzi? Manja ake ankalendewera cha pamimba. Chibwano chinali poyera ngati chikuitana alendo. Poyenda chinkapingasitsa miyendo, chinthu chimene mapepala anga ankati wankhonya sachita. Ndipo chikazungulira bwalo kangapo, ndinkaona chifuwa chikukwera ndi kutsika, kukamwa kuli yasa.

Ndinayamba kulalikira, poyamba chapansipansi.

"Munthu uyu si wankhonya," ndinauza bambo wina wopalasa njinga ya mabuledi. "Taonani mapazi akewo."

"Mapazi? Kodi amamenya ndi mapazi?"

"Nkhonya imayambira kumapazi. Zinalembedwa."

"Analemba ndani?"

"Anthu odziwa, a ku Joni."

"Anthu a ku Joniwo anamuona ameneyu?" Anatembenukira anzake. "Tamverani kuno, akuti chimphona sichitha nkhonya. Akunena ndi aja chinawakhazika pamthunzi aja!"

"Katoleninso magolovesi, akulu," wina anatero. "Ulendo uno chikakuikani pamwamba pa mango."

Komabe mbiri inayenda yakuti kuli kamunthu ka m'sitolo kowerenga za nkhonya kamene kakutsutsa. Ndipo masiku omwewo ndinamva nkhani imene inandilanda tulo: chimphona chinali chitatuma munthu kubanja lija kukafunsira mbeta. Yankho linali lisanaperekedwe.

Loweruka lina masana, nditangofika kuchokera kuntchito, ndinamva "Odi" pakhomo. Anali atsibweni ake a mtsikana uja, mlongo wawo wa mayi ake, bambo wachikulire amene anali mesenjala ku ofesi ina ya boma. Kwathu kuno mawu a ukwati wa mwana amakhala ndi atsibweni, choncho ndinawalandira ndi ulemu wonse. Ndinawapatsa mpando wanga umodzi womwewo, ine n'kukhala pa bokosi. Anavula chipewa, n'kuyang'ana chithunzi cha pakhoma chija nthawi yaitali.

"Ndamva kuti inu mumawerenga za nkhonya," anatero.

"Pang'ono chabe, bambo."

"Mukudziwa kuti munthu wamkulu thupi uja watuma mawu kwathu."

"Ndamvako mphekesera."

"Achemwali anga sakugona nayo nkhaniyi. Ndiye ndati ndifunse munthu wodziwa. Tandiuzani zoona, mwana wanga. Munthu ameneyu ndi womenyadi, monga akunenera anthu, kapena ndi thupi chabe?"

Mtima wanga unavina. Ndinamva funsolo mmene ndinkafunira kulimva: banja laulemu silingapereke mwana kwa munthu wonama, wodya zitumbuwa zazikulu ndi mbiri yabodza. Ndinaimirira. Ndinawaonetsa mmene wankhonya weniweni amaimira. Ndinafotokoza za mapazi, za chibwano, za mpweya, za nkhope yopanda chipsera. Ndinatulutsa mapepala pansi pa mphasa n'kuwawerengera Chingerezi, ndikumasulira ndi kuthirako mchere pamene olemba anaiwala. Iwo ankangogwedeza mutu, chipewa chili pabondo.

Nditatha anati, "Mwalankhula bwino. Koma izo ndi za m'mapepala. Achemwali anga sawerenga. Iwo amakhulupirira chimene aona."

"Adzaona, bambo," ndinatero, ndisanadziwe n'komwe kuti adzaona bwanji.

Panafunika munthu wotola magolovesi, ndipo munthuyo sakanakhala ine. Ndinafunsafunsa mpaka wina anandiuza za bambo wina wogwira ntchito m'nyumba ya mzungu ku Sunnyside, amene anaphunzira nkhonya ali ku usilikali. Anali atasiya chifukwa dona wake sankafuna kupatsidwa chakudya patebulo ndi munthu wotupa diso. Ndinapita nthawi yopuma masana, ndikudutsa m'misewu ya mitengo ikuluikulu ija mmene agalu ankauwa munthu asanaganize n'komwe zolowa. Ndinamupeza kuseri kwa nyumba akutsuka mapoto. Anali wamfupi kuposa ine, imvi zitayamba, koma mikono yake inali ngati zingwe zopota. Mphuno yake inali yopindika, ndipo nditaiona ndinasangalala ngati ndaona satifiketi.

Tinalankhulana mpanda wa maluwa uli pakati pathu. Anamvetsera zonse akupitiriza kukwecha poto.

"Nanga bwanji osamumenya nokha, poti mukudziwa zonsezi?"

"Ine ndine wa maso, bambo. Manja ndilibe."

"Anakulakwirani chiyani?"

"Akunamiza anthu."

"Anthu?" Anandiyang'ana cham'mbali. "Kapena munthu mmodzi wovala mpango?"

Atatero anaseka mpaka kutsokomola. Kenaka anati azungu ake akupita kukapuma kuphiri ku Zomba sabata yotsatira, ndiye diso likatupa lidzaphwa asanabwere. Anati wakhala akukwecha mapoto nthawi yaitali ndipo mapewa ayamba kuuma. "Ndibwera ndidzamuone. Ndikaona kuti ndi zoona zimene mukunenazi, nditola. Ndikaona kuti mukundipereka kwa mkango, ndidzagula mtedza n'kubwerera."

Lamulungu limenelo ndinafika msanga. Atsibweni analipo, chipewa chili kumutu, ataima pafupi ndi dengu. Mayi anali pampando wawo. Mtsikana uja anavala mpango wachikasu. Msilikali wanga anakhala pansi kutsogolo, atavala kabudula wa khaki, akusenda mtedza ngati munthu wodzangodutsa.

Anyamata atatha zawo, chimphona chinalowa. Chinazungulira monga mwa masiku onse. Ndinaona msilikali akuyang'ana pansi, kumapazi, ndipo ndinafuna kuuza wa njinga ya mabuledi uja kuti aone kumene odziwa amayang'ana. Magolovesi anaponyedwa. Anthu anabwerera m'mbuyo. Msilikali anamaliza kutafuna, anapukuta manja pakabudula, n'kuwatola.

Anthu anayamba kuseka, akuganiza kuti ndi zanga zija zabweranso. Koma ataona mmene bamboyo anaperekera manja kuti amumange zingwe za magolovesi, osayang'ana n'komwe, kuseka kunazirala. Ine ndinkayang'ana nkhope ya chimphona. Chinayang'ana woimba wezulo. Chinayang'ana ku dengu. Chinanyambita milomo. Chikanatha kunena kuti sichimenyana ndi munthu wa imvi, ndipo anthu akanavomereza. Sichinatero. Chinakweza manja, ndipo ngakhale pamenepo chinawakweza molakwa.

Wezulo italira, zonse zinayenda ngati mmene zinalembedwera. Msilikali ankazungulira, kulowa, kugogoda nthiti, kutuluka. Chimphona chinkatembenuka ngati lole pamsewu wopapatiza. Chikamamaliza kutembenuka, mnzake ali kale kumbuyo. Chikaponya chibakera, chinkachitenga kutali, kuseri kwa phewa, mwakuti ngakhale ine ndikanakhala ndi nthawi yovula jekete n'kuthawa. Mphepo yake yokha ndi imene inkafika. Ndime yoyamba isanathe chinali wefuwefu, thukuta lili kamukamu.

"Mapazi!" ndinkakuwa ine, ndikukoka malaya a aliyense amene anali pafupi. "Ndinanena za mapazi!"

Mu ndime yachiwiri munachitika chimene mapepala anga sanandiuze. Chimphona, chitatopa ndi kugogodedwa, chinatsinzina n'kungoponya dzanja mwachisawawa. Linapeza msilikali paphewa. Silinali ngakhale pamalo oyenera, koma bambo uja anauluka ngati chovala chochoka pachingwe, n'kukagwera pa mtengo wa pangodya, bondo limodzi pansi. Mphamvu zija sizinali zabodza. Ndinaganiza za azungu a ku Sunnyside akubwera kuchokera ku Zomba n'kupeza wantchito wawo ali m'chipatala, ndiponso za amene anakamutenga.

Chimphona chinatsegula maso n'kuona chimene chachita. Chinagwetsa manja. Chinathamangira pangodya paja, n'kuwerama, n'kuyesa kumudzutsa ndi magolovesi ake omwewo.

"Pepani, bambo," chinatero, bwalo lonse likumva. "Pepani ndithu, sindinafune. Mwapweteka?"

Msilikali anadzuka, anapukusa mutu, anayang'ana woimba wezulo kuti aone ngati ndewu yaimitsidwa. Inali isanaimitsidwe. Anaponya chimodzi pamimba, china pachibwano chimene chinali poyera chija. Munthu wamkulu uja anabwerera m'mbuyo pang'ono n'kukhala pansi kuti thapsa, miyendo atatambasula ngati mwana wosewera ndi dothi. Anagwira pakamwa, anayang'ana magazi pa golovesi, n'kunena kuti, "Basi. Ine ayi." Woimba wezulo anawerenga, koma ankawerengera munthu amene analibe maganizo odzuka.

Anthu omwe aja ankathawa magolovesi ake ndi amene anayamba kumunyoza. "Mangolomera anatsalira m'sitima!" "Ng'ombe ija inafa ndi ukalamba!" Ena anandizungulira ine. Wa njinga ya mabuledi anandigulira thobwa, akuuza aliyense kuti iye ankadziwa kale kuti kamunthu aka kali ndi mutu. Anyamata ankandifunsa kuti ndiwaone mmene akuimira. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga anthu ankapatuka kuti ndidutse. Ndinayang'ana kumene kunali atsibweni. Anandiona, n'kukhudza chipewa chawo ndi chala. Mayi aja anali kuseka, akudzikupiza ndi nsalu yovundikira zitumbuwa. Mtsikana sindinamuone bwino chifukwa cha khamu, ndipo ndinaganiza kuti wabisala ndi manyazi.

Msilikali yekha ndi amene sanakondwe nane. Ndinamupeza pansi pa mango akusisita phewa. "Za luso munanena zoona, alibe," anatero. "Koma musadzanditumenso kwa munthu wotero. Dzanja lija likanakhala ndi mtima woipa kumbuyo kwake, bwenzi mukunditola ndi fosholo." Ndinamuthokoza, koma mawu akewo sindinawasunge. Ndinali wotanganidwa ndi kupambana.

Masiku otsatira ndinayenda ngati munthu wonenepa. Ndinagula mafuta a tsitsi. Ndinatumiza mawu kwathu ku Chiradzulu kuti atsibweni anga akonzeke, pali nkhani imene idzafune kuti abwere kutauni. Ndinaganiza zodikira pang'ono kuti fumbi likhazikike, chifukwa si bwino kukafunsira pakhomo pamene mnzako wangokanidwa kumene. Mawu anga anali atatsala pang'ono kupsa. Chimphona sichinabwerenso kubwalo, ndipo kunena zoona bwalolo linazizira. Anyamata ankamenyana bwino, mapazi ali m'malo mwake, koma anthu ankabalalika msanga. Dengu la zitumbuwa nalonso linasiya kubwera. Ndinati mwina mafuta okazingira avuta.

Loweruka lina masana ndinakhala pakhonde ndikupukuta nsapato zanga za kutchalitchi, pokonzekera kuti mawa lake ndikadutse kumunsi kuja ndi kupereka moni wautali. Ndinamva nthungululu kuchokera chakumtsinje. Ndinati kapena kwabadwa mwana. Nditaimirira ndinaona anthu atadzaza pabwalo la nyumba ija, utsi ukufuka kuseri, ndipo pakati pawo mutu umodzi utatulukira pamwamba pa mitu yonse. Munthu wina pambali pake anali atanyamula tambala, monga amachitira akuchimuna pa chinkhoswe.

Ndinakhalanso pansi, nsapato ili m'manja.

Pafupi ndi chipinda changa pankakhala mayi wina wamasiye amene ankachapa ndi kusita zovala m'nyumba za ku Namiwawa. Ankanditcha "a kalaliki" ngakhale ankadziwa kuti ntchito yanga ndi yotulutsa mbale m'mabokosi. Ndinamuona akukwera kanjira kochokera kumunsiko, atamanga nsalu yatsopano, akupuma mwamphamvu ndi chitunda. Anaima patsogolo panga, manja m'chiuno.

"A kalaliki, mwakhala pano? Kumeneko akukufunsani. Mayi ake a mwana akuti mubwere, chiwindi cha nkhuku akusungirani inuyo."

"Ine? Chifukwa chiyani ine?" ndinafunsa motero. "Munthu uja anagwa pamaso pawo. Ndinawaonetsa kuti si wankhonya."

"Eya, n'chifukwa chake! Kodi inu simunadziwe? Mayi aja anali atakana kwamtuwagalu. Ankati mwana wanga sindingamupereke kwa munthu wotemera mangolomera, wakupha ng'ombe ndi chibakera. Tsiku limene adzasowe womenya kubwalo, adzamenya ndani m'nyumba? Mwana ankalira, iwo osasintha. Atsibweni aja pobwera kwa inu ankafuna amve ngati mbiriyo ndi yoona, kuti akamukane bwino ndi chifukwa. Ndiye inu, ndi nzeru zanu za m'mapepala, mwakawapezera munthu mpaka ku Sunnyside, kuti aone ndi maso awo mwamuna wonyamula mabelo amene amati akagunda munthu amayamba wapepesa. Mkamwini wotero amapezeka kuti masiku ano? Akuti mphini zija anamutema agogo ake ali mwana, zinali za nyamakazi. Tiyeni, valani nsapatozo, mwapukuta kale. Ankhoswe alipo awiri kumeneko, koma aliyense akudziwa kuti ukwatiwu mwamanga ndinu."